Mzere wadzaza koma makasitomala sanachuluke: yankho pa nkhani yosefa njira za BGP

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene amayang'anira netiweki ya kampani yaing'ono yogulitsa intaneti kuno ku Lilongwe. Angolandira kumene nambala yawo ya AS (nambala yozindikiritsa netiweki yawo pa intaneti) ndi maadiresi a /22 (chigawo cha maadiresi 1,024) kuchokera ku AFRINIC, bungwe logawa maadiresi a intaneti mu Africa, alumikiza rauta yawo ya kumalire ku makampani awiri amene amawagulitsa intaneti, ndipo BGP, chilankhulo chimene marauta a makampani osiyana amauzirana nacho njira zofikira maadiresi, yadzuka bwinobwino mbali zonse. Tsiku lachiwiri mzere umodzi unadzaza mpaka makasitomala kuyamba kuimba foni, chonsecho palibe kasitomala watsopano amene anawonjezereka. Funso lawo: "Kodi kusefa njira n'kofunikadi kwa ife ang'onoang'ono? Si ntchito ya akuluakulu amene amatigulitsa intaneti?"

Achimwene, ntchitoyi ndi yanu, ndipo ndikuganiza kuti mzerewo mwaudzaza nokha mosadziwa. Paja walira mvula walira matope. Mizere iwiri ndi yabwino, koma imabwera ndi udindo umene munalibe pamene munali ndi umodzi.

BGP imagwira ntchito ngati anyamata oitanira ku depoti. Wina akakuwa kuti "Area 25! Area 25!" anthu amakwera, palibe amene amayamba wafunsa ngati dalaivala akuidziwadi njira. Rauta yanu ikauza mnzake kuti "maadiresi awa adutse kwa ine", mnzakeyo amakhulupirira, n'kuuzanso ena. Tsono pa marauta ambiri, monga a Cisco IOS yakale ija, njira imene mwaimva kwa kampani yoyamba (A) imalengezedwa yokha kwa kampani yachiwiri (B) ngati simunailetse. Mwauza kampani B kuti intaneti yonse ya kampani A ikupezeka kudzera kwa inu. Choipa kwambiri n'chakuti makampani ambiri amaika patsogolo njira zimene amva kwa kasitomala, chifukwa ndi amene amalipira. Katundu wa anthu osawadziwa n'komwe akudutsa pa kamzere kanu, ndipo bilu ndi yanu.

RFC 8212 ya mu 2017 inanena kuti rauta isamalandire kapena kulengeza njira iliyonse kwa AS ina popanda lamulo lolembedwa. IOS XR, pulogalamu ina ya marauta a Cisco, imachita zimenezi, koma si marauta onse, ndiye musadalire mwayi.

Yambani ndi zotuluka, lero lomwe. Lembani prefix-list (mndandanda wa maadiresi ololedwa kudutsa) yokhala ndi /22 yanuyo basi, muiike pa makampani onse awiri mbali ya out. Mndandanda wotere umakana chilichonse chimene simunachilembe, ndipo n'zimene tikufuna. Ena amangogwiritsa ntchito sefa ya AS path (mndandanda wa ma AS amene njira yadutsamo) ya `^$`, kutanthauza njira zobadwira mu AS yanu zokha. Ndi yothandiza, koma payokha sindiikhulupirira. Tsiku limene wina adzalowetse njira za mkati mu BGP, maadiresi anu onse a m'nyumba, ma 10.0.0.0 aja, adzaoneka ngati obadwira kwanu ndipo adzatuluka. Ikani zonse ziwiri. Ine ndinaphunzira izi usiku wina ndikugwira ntchito pa kampani ina yaing'ono. Sefa ndinailemba bwino, koma ndinaiika mbali ya in m'malo mwa out. Ndinakhala m'chipinda cha maseva chozizira chija mpaka cha m'ma 2 koloko, kuyang'ana mzere wofiira pa sikirini, ndikutukwana kampani yosalakwa.

Mukadzakhala ndi makasitomala olankhula nanu BGP, prefix-list yokha sidzakwaniranso. Kasitomala akadzazimitsa mzere wake kwa inu, njira yake mudzaimva kudzera ku kampani A, ndipo popeza ili pa mndandanda, mudzailengeza kwa B. Pamenepo muzidinda community (chidindo chosonyeza kumene njira yachokera) pa njira ikamalowa, n'kumatulutsa zokhazo zimene zili ndi chidindo cha kasitomala.

Za kudalira akuluakulu zija, mbiri ikutsutsani. Pa 24 February 2008, Pakistan Telecom inkafuna kutseka YouTube m'dziko mwawo mokha. Inalengeza 208.65.153.0/24, kachigawo ka /22 ya YouTube, ndipo PCCW, kampani yaikulu imene inkawapatsa intaneti, inangolandira n'kufalitsa. Rauta imasankha njira yolunjika kwambiri, ngati mmene wopita ku Sector 3 amasiyira woitanira Area 25 n'kutsata amene watchula Sector 3 yeniyeniyo. YouTube inasowa pafupifupi dziko lonse lapansi kwa maola awiri. Nkhani yofanana kwambiri ndi yanu ndi ya mu November 2018, pamene MainOne ya ku Nigeria inatulutsa molakwika njira za Google kupita ku China Telecom, ndipo anthu ambiri analephera kufika pa Google kwa nthawi yopitirira ola. Konseku wamkulu sanasefe.

Tibwere ku zolowa. Funso loyamba ndi lakuti kodi mukufunadi tebulo lonse la intaneti? Njira za IPv4 tsopano zili pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo rauta yaing'ono imabanika nazo. Kwa kampani ya msinkhu wanu, default route (njira imodzi yotumizira chilichonse chimene rauta ilibe njira yake) kuchokera ku makampani onse awiri, kuphatikizapo njira zawo ndi za makasitomala awo, nthawi zambiri zimakwanira. Ngati mwasankha tebulo lonse, kanani maadiresi a m'nyumba a RFC 1918, amene ndi 10.0.0.0/8, 172.16.0.0/12 ndi 192.168.0.0/16, kanani 127.0.0.0/8, kanani chilichonse chaching'ono kuposa /24 pa IPv4 kapena /48 pa IPv6. Kananinso maadiresi anu omwe akamabwera kuchokera kunja. Ambiri amaiwala pamenepa.

Kasitomala ndiye muzimusefa mosanyengerera, mongolola maadiresi amene mwatsimikiza kuti ndi ake. Chimodzimodzi mukadzalumikizana ndi anzanu pa MIX, malo amene makampani a intaneti a m'Malawi amalumikizirana ku Blantyre: landirani za iwo ndi makasitomala awo, perekani zanu ndi za makasitomala anu. Ikaninso maximum-prefix, malire a kuchuluka kwa njira zimene mungalandire, pa aliyense. Mnzanu amene amakutumizirani njira 10 akadzuka tsiku lina n'kutumiza 50,000, kulumikizanako kuduke kokha inu muli mtulo.

Kulemba mindandanda pamanja kumatopetsa, n'chifukwa chake kuli IRR, kaundula wa njira zimene AS iliyonse imalengeza. Lembetsani route object yanu (cholemba chonena kuti AS yanu imalengeza /22 ija) mu IRR ya AFRINIC, ndipo pulogalamu ya bgpq4 ikhoza kukupangirani prefix-list ya mnzanu aliyense kuchokera m'kaundulayo. Pangani ROA pa tsamba la MyAFRINIC. ROA ndi kalata yotsimikizika yonena kuti AS yanu ndi imene ili ndi chilolezo cholengeza /22 imeneyo. Samalani ndi maxLength, malo a mu ROA onena kachigawo kochepetsetsa kamene mukuloledwa kulengeza. Mukalemba 22 kenako n'kulengeza ma /24 pofuna kugawa katundu pa mizere iwiri, makampani amene amakana njira zosavomerezeka adzazitaya. Dziwaninso kuti RPKI, dongosolo la ma ROA limeneli, imangoona amene wayambitsa njira. Vuto lanuli sikanaligwira, chifukwa njira zimene munatulutsa zinali ndi eni ake enieni kumapeto.

Musanasinthe kanthu, lembani `show ip bgp neighbors` ndi adiresi ya kampani B, kenako `advertised-routes`. Mukaona pa sikirini njira imodzi yokha, ya /22 yanu, ndiye kuti ndalakwitsa ndipo mundilemberenso tifufuze kwina. Mukaona sikirini ikungoyenda osaima, ikani sefayo, chitani soft clear (kulengezanso njira osadula kulumikizana) mbali ya out kuti musagwetse makasitomala, kenako muimbire foni makampani onse awiri muwafunse chifukwa chake analandira njira zimenezo kwa inu.