Mtulo wa Goguryeo sunali chizindikiro cha kugonja

Mwafunsa kuti ngati ufumu wakale wa ku Korea wa Goguryeo unkatumiza mtulo ku China, tinganene bwanji kuti unkadziona ngati mchombo wa dziko lonse. Ziwirizi zinkayendera limodzi.

Onani mwala wa chikumbutso cha mfumu Gwanggaeto ya Goguryeo, wotalika kuposa mamita 6, womwe mwana wake Jangsu anauimika ku Ji'an (mzinda womwe lero uli ku China) m'chaka cha 414. Pamwalapo palembedwa kuti Chumo, woyambitsa ufumuwo, anali mwana wa Mfumu ya Kumwamba. Zaka anaziwerenga ndi dzina lawolawo la nyengo, Yeongnak, osati la mfumu ya ku China, ndipo masiku amenewo kutero kunali kulengeza kuti ndinu odzilamulira. Baekje ndi Silla, maufumu ena a ku Korea, anawalemba ngati anthu awo opereka mtulo. Mwala wina wa Goguryeo womwe uli ku Chungju, ku South Korea, umatchula mfumu ya Silla kuti "Dongi", liwu lomwe Atchaina ankapeputsira nalo mitundu ya kum'mawa.

Nanga mtulo uja? Unali chida. China inali yogawanika, choncho Jangsu ankatumiza nthumwi kwa Wei wa kumpoto komanso kwa Song wa kumwera, maufumu a ku China omwe anali pa udani. Mu 472 Baekje itapempha Wei asilikali olimbana ndi Goguryeo, Wei anakana. Mu 475 Jangsu analanda Hanseong, likulu la Baekje, n'kupha mfumu yake Gaero.

Njirayi inatha mphamvu ufumu wa Sui utagwirizanitsa China mu 589, poti panalibenso mbali ziwiri zoti azikanganitse. Mfumu Yeongyang ya Goguryeo itakana kukaonekera yokha kwa mfumu Yang ya Sui, nkhondo ya 612 inabuka.