Chifukwa chake Hereditary inagawanitsa anthu

Mwafunsa kuti zikutheka bwanji akatswiri olemba za mafilimu kuitamanda chonchi filimu yoopsa ya Hereditary, chonsecho anzanu omwe munaonera nawo anati ndi yotopetsa. Si anzanu okha, achimwene. Itaonetsedwa koyamba ku chikondwerero cha mafilimu cha Sundance mu 2018 akatswiriwo anaiyamikira kwabasi, koma anthu wamba omwe anafunsidwa ndi CinemaScore, kampani yofunsa maganizo a oonera mafilimu ku America, anaipatsa D+, omwe ndi malikisi otsika kwambiri.

Ine ndimaona kuti nkhani yagona pa zomwe munthu amayembekezera. Wogula tikiti ya filimu yoopsa amafuna azidzidzimuka pafupipafupi, akuwe, kenako aseke ndi anzake. Ari Aster, yemwe anatsogolera kupanga filimuyi, sanapereke zimenezo. Kwa nthawi yaitali umangoonerera banja likudyana ndi chisoni. Takumbukirani pomwe akudya madzulo paja. Onse ali duu, kukungomveka mafoloko pambale, mpaka Annie, mayi wa pabanjapo, kuphulika n'kumulalatira mwana wake Peter za imfa ya Charlie, mlongo wake wa Peteryo. Mzukwa palibe pamenepo, koma mtima umagunda ngati ukuthamangitsidwa. Akatswiri amafera zoterozo. Koma amene anaikapo m'bale wake m'manda, filimuyi imamutosa pachilonda, ndiye ena amatuluka atakwiya osati kuopa.

Kunena zoona, nanenso mapeto ake a ziwanda aja sanandigwire mtima ngati chiyambi chake. Komabe anthu anakaionera ndithu: anaipanga ndi madola pafupifupi 10 miliyoni, inabweretsa oposa 80 miliyoni. Chomwe chimandiwawabe n'chakuti Toni Collette, yemwe anasewera ngati Annie, sanamuike n'komwe pamndandanda wa opikisana pa mphoto ya Oscar.