Nsanja ya Kannonzaki: n'chifukwa chiyani si ya njerwa?

Mmodzi mwa owerenga athu wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Ndinawerenga kuti nsanja yowunikira sitima zapamadzi ya ku Kannonzaki ndiyo yoyamba yamakono m'dziko la Japan, koma pa chithunzi ikuoneka ya konkire yoyera, osati ya njerwa zakale. Kodi zoona ndi ziti?"

Zonse ziwiri ndi zoona, chifukwa nsanja imene mwaiona pa chithunzipo ndi yachitatu kuimikidwa pamalo omwewo.

Kannonzaki ili mumzinda wa Yokosuka, pamene nyanja imapanikizika pa mpata wa Uraga, ndipo sitima iliyonse yopita ku Yokohama kapena ku Tokyo imadutsa pamenepo. Mu 1866 Japan inasainirana pangano la zamalonda ndi Britain, France, Netherlands ndi America, ndipo maikowa anaumirira kuti m'mphepete mwa nyanja muikidwe nyali zoti amalinyero awo aziona njira usiku. Ntchito ya ku Kannonzaki inapatsidwa kwa Léonce Verny, injiniya wa ku France amene pa nthawiyo ankayang'anira fakitale yomanga sitima ku Yokosuka komweko. Njerwa zinaumbidwa ndi kuwotchedwa ku fakitaleyo, kumanga kunayamba pa 1 Novembala 1868, ndipo nyali inayatsidwa pa 11 Febuluwale 1869. Nyaliyo inkayaka ndi mafuta a mtedza, chinthu chimene chimandisangalatsa ndikaganiza kuti sitima zikuluzikulu za ku Ulaya zinkadalira mbewu wamba yotere. Mpaka lero anthu a ku Japan amakumbukira nsanja zawo zowunikira pa 1 Novembala chaka chilichonse.

Chimene chinagwetsa nsanja ya njerwa ya Verny ndi chivomezi cha mu Epulo 1922. Panamangidwa ina ya konkire imene inatha mu Malichi 1923, koma sinathe n'komwe miyezi 6, pakuti chivomezi chachikulu cha ku Kanto cha pa 1 Sepitembala 1923, chimene chinasakaza Tokyo ndi Yokohama, chinaigumulanso. Zidutswa zake zina zikadali m'munsi mwa phirilo, m'mphepete mwa madzi.

Imene ilipo panopa inamalizidwa mu 1925. Ili ndi mbali 8, ndi yotalika mamita 19 okha, ndipo kufupika kwakeko si vuto chifukwa inakhala pamwamba pa phiri, kotero kuti kuwala kumachokera pa mtunda wa mamita oposa 50 kuchokera pa madzi. Imaphethira kawiri pa masekondi 15 alionse, ndipo woyendetsa sitima amaizindikira ndi kaphethiridwe kameneka.

Ngati chimene mukufunitsitsa ndi njerwa zenizeni za nthawi imeneyo, ndingakulozereni ku Inubosaki, mumzinda wa Choshi, kumene nsanja yomangidwa ndi Richard Henry Brunton wa ku Scotland mu 1874 idakali chiimire, ndipo alendo amaloledwa kukwera masitepe ake 99 mpaka pamwamba.