Kagulugufe kamene kamadya namasupuni

FUNSO: Ndimalima mpunga kudambo pafupi ndi mtsinje wa Shire. Ndinamva kuti kale akatswiri anabweretsa agulugufe kuti azidya namasupuni. Kodi ndi agulugufe otani, ndipo mbozi zawo sizingatithere mpunga? – Mlimi, Nsanje

YANKHO: Bambo, zimene munamvazo n'zoona. Kagulugufeko ndi kouluka usiku, ndipo akatswiri a sayansi amakatcha Niphograpta albiguttalis. Kwawo ndi ku South America, komwenso kunachokera namasupuni. Kanatulutsidwa ku Florida m'dziko la America mu 1977, ndipo kuno kanabwera m'zaka za m'ma 1990 pamodzi ndi tizilombo tina tofanana ndi anankafumbwe totchedwa Neochetina, pamene namasupuni anali atatseka madooko ndi kusautsa asodzi.

Ndi kakang'ono ndithu, moti kakatambasula mapiko ake achikasu moderako, okhala ndi timadontho toyera, kamangopitirira pang'ono masentimita 2. Masana kamabisala kunsi kwa masamba. Kakakazi kamaikira mazira mazana angapo, nthawi zambiri m'timabala ta pamasamba, ndipo amaswa pakapita masiku 3 kapena 4.

Ntchito yeniyeni imagwiridwa ndi mbozi. Ikangoswa imayamba yapala tsamba, kenako imaboola phesi lotupa lija, lomwe limayandamitsa namasupuni pamadzi, n'kumadya m'kati mwake mpaka kungosiya kakhungu kopyapyala koonekera ngati pepala lonyowa. Madzi akalowa m'mabowomo phesi limawola, ndipo mbozi ikafika pamene pamaphukira masamba atsopano, chomeracho chimaleka kukula. Pakatha pafupifupi masabata awiri imaluka chikwa choyera m'phesi lina labwino, ndipo moyo wonse, kuyambira dzira mpaka gulugufe, umatenga pafupifupi mwezi umodzi.

Za mpunga wanu mtima ukhale m'malo. Kasanatulutsidwe, kagulugufeka kanayesedwa pa mbewu zosiyanasiyana, ndipo kanapezeka kuti kamakulira pa namasupuni ndi zomera za m'banja lake basi. Mukaona mapesi a mpunga atabooledwa, olakwa ndi akapuchi ena a mumpunga momwemo, ndipo mlangizi wa zaulimi angakuthandizeni.

Komabe sitikufuna kukulonjezani zambiri. Mbozizi zimakonda namasupuni wanthete wa m'mphepete, ndipo wokhwima wa mapesi ataliatali sizimulabadira kwenikweni, choncho pazokha sizingayeretse Shire. Chimene tikukupemphani n'chakuti popopera mankhwala m'munda musamale kuti asagwere m'madzi, chifukwa amapha tizilombo totithandizati pamodzi ndi nsomba.