Kodi Mfumu Arthur analikodi?

Achimwene, mwafunsa ngati Mfumu Arthur wa ku Britain analikodi kapena ndi nthano chabe. Kunena zoona, umboni wake ndi wochepa kwambiri.

Gildas, mmonke amene analemba m'zaka za m'ma 500, amatchula nkhondo ya pa phiri la Badon pomwe anthu a ku Britain anagonjetsa Asaxon, mtundu wa anthu amene ankalowa m'dzikolo kuchokera kudera la Germany, koma dzina la Arthur salitchula n'kamodzi komwe. Mbiri ya Arthur imayamba kumveka m'buku la Historia Brittonum cha m'ma 830, patadutsa zaka pafupifupi 300. M'menemo satchedwanso mfumu ayi, koma mtsogoleri wa asilikali amene anamenya nkhondo 12. Akuti pa Badon anapha anthu 960 tsiku limodzi, yekhayekha. Munthu mmodzi! Apa mukuona kale kuti wolembayo anathira mchere wambiri.

Amene anaikulitsa nkhaniyi ndi Geoffrey of Monmouth cha m'ma 1138, ndipo m'buku lake muli wamatsenga Merlin, Guinevere mkazi wa Arthur, ndi chilumba cha Avalon komwe akuti anapita naye Arthur atavulala. Tebulo lozungulira la Arthur ndi asilikali ake analiwonjezera mlakatuli Wace mu 1155, pomwe chikondi cha Guinevere ndi Lancelot, msilikali wa Arthur, chinabwera ndi Mfalansa, Chrétien de Troyes. Zambiri zomwe timaonera m'mafilimu zimachokera kwa Thomas Malory, amene buku lake linasindikizidwa ndi William Caxton mu 1485.

Za manda a Arthur zokha ndimazikayikira kotheratu. Amonke a ku Glastonbury ku England analengeza kuti awapeza mu 1191, patangopita zaka zisanu ndi ziwiri nyumba yawo itapsa ndi moto mu 1184. Ankafuna ndalama zomangiranso, ndipo alendo odzaona manda sabwera chimanjamanja.