Helikopitayo ilibe mlandu, opani anthu a mu ofesi

Achemwali, mwafunsa za helikopita zakale za ku Russia zomwe bambo a kunyumba kwanu akazikwere pa ntchito ku South Sudanko, musasowe nazo tulo. Ndazikwera ine zaka ziwiri ndikugwira ntchito ya unamwino komweko. Imeneyo ndi Mi-8, ena amati Mi-17, koma ndi mtundu umodzi. Inayamba kuuluka mu 1961, ndipo mpaka lero akuzipangabe ku Kazan ndi ku Ulan-Ude, mizinda ya ku Russia, zoposa 17,000. Asilikali a ku India, Peru ndi Ethiopia amayendera yomweyo, pankhondo ya ku Ukraine mbali zonse ziwiri zili nayo, ngakhale America yeniyeniyo inagulira asilikali a ku Afghanistan. A UN amaipaka zoyera nkumanyamulira chakudya ndi odwala. Chomwe ndapsera mtima nditawerenga funso lanu ndi china.

Mwezi wa Okutobala 2019 madzi anasefukira ku Pibor, dera la ku South Sudan komwe ndinkagwira ntchito, msewu kulibe, ndege ya mapiko sikanatera, aliyense maso kumwamba. Ine ndinali pa kachipatala ka kumudzi, malungo atandigwira zenizeni, kusanza chilichonse ngakhale madzi, jakisoni atatithera. Anzanga anaimbira mkulu wina wa bungwe lathu ku Juba, likulu la dzikolo, kuti apemphe ulendo wa mwadzidzidzi wa wodwala. Iye akuti zimenezo zimadula, ndidikire ya Lachisanu yobweretsa katundu, alemba dzina langa pa mndandanda wa okwera.

Lachisanu anandinyamula pa machira anthu anayi, matope m'mawondo, mpaka pa kamtunda pomwe inkatera. Phokoso lake mumayamba kulimva m'chifuwa musanaione. Itafika pamwamba pathu mphepo ya mapiko ake asanu aja inaulutsa bulangete lomwe anandifunditsa, matope m'maso, m'kamwa, fungo la mafuta ngati palafini, ana akuthawa, anzanga atandigwadira pamwamba kunditchinga. Sanazimitse injini. Anatsegula zitseko ziwiri za kumbuyo zija, anyamata nkuyamba kutsitsa matumba mothamanga. Injiniya wa ndegeyo, mzungu wamkulu wa imvi, anabwera ndi pepala. Analoza dzina limodzi limodzi ndi chala, kubwerezanso, kenako anandiyang'ana nkupukusa mutu. Dzina langa mulibe. Mnzanga anagwada m'matope muja akulira, akukuwa koma mawu osamveka. Injiniyayo analoza anthu omwe anali kale mkati, analozanso kumwamba dzuwa lili phwee, kutanthauza kuti kulemera kwakwana. Inde imanyamula anthu 24 kapena katundu wa matani anayi, koma kukatentha mphamvu yonyamukira imachepa, ndipo iwo amawerengera kilogalamu iliyonse ndi mafuta obwerera. Ndinaiona ikunyamuka, mphuno pansi, ikupita ikuchepa. Kenako kunangoti zii. Ndinauza mnzanga nambala ya mayi anga ku Ntcheu kuti akawauze bwinobwino.

Mukudziwa chomwe chinachitika? Mkulu wa ku Juba uja anaiwala kutumiza dzina. Kuiwala! Munthu ali mu ofesi yozizira, tiyi pa tebulo, anaweruka msanga. Nditafika ku Juba patapita masiku anayi, pa Mi-8 yomweyo, atandigoneka pansi pambali pa thanki ya mafuta, iye anabwera kuchipatala ndi nthochi nkumati chachikulu mwachira. Pepani sanatchule mpaka lero. Lipoti analemba kuti kunali vuto la netiweki. Munthu ameneyu ndinamukhululukira pakamwa pokha, Mulungu andithandize. Ndipo injiniya uja naye, kodi munthu mmodzi wowonda ngati ine akanagwetsa ndege? Akanatsitsa chikwama cha wina. Ndimakwiya nayebe nthawi zina usiku.

Ndiye muwauze bambo a kunyumbawo chonchi. Asadzakangane ndi oyendetsa pa nkhani ya kulemera, akati ayi ndi ayi, anthu amenewo ndi amene amasunga moyo wa onse ali mkatimo. Dzina pa mndandanda azilionera yekha ndi maso ake dzulo lake, asamve za pafoni. Mankhwala a malungo akhale nawo ake m'chikwama, neti yake, ndi zotseka m'makutu chifukwa mkatimo simumvana. Poyandikira ndege adikire amukodole, ndipo kumchira asapiteko olo chipewa chitaulukira komweko, kachipiko ka kumbuyo kaja sikaoneka kakamazungulira. Asanasaine kontrakiti afunse kuti akadwala amalipira ulendo ndani, zilembedwe.

Apite ndithu achemwali, ntchito ndi yabwino ndipo ine nyumba ndinamangira yomweyo. Koma atandiitananso lero sindingapite, ana anga akadali aang'ono.