Ndisiye kalabu ya nyimbo kuno ku China?

Azakhali,
Ndine mtsikana wa ku Chinamwali, Zomba, ndinamaliza pa Chanco pano ndikupanga masters ku Wuhan. Nditangofika ndinalowa kalabu ya nyimbo ya pa yunivesite poti kwathu ndinkaimba kwaya, koma mapulakatisi ndi katatu pa wiki mpaka usiku ndiye Chitchaina nachonso chikufuna nthawi, magiredi atsika. Ndikufuna kusiya koma manyazi, anthuwa ndi amene anandilandira ndili ndekhandekha.

Mwana wanga,
Ndakumvera chisoni, kuchimvano kwa mavu sikophweka kuchokako. Koma ngati uli pa sikolashipu ya boma la China ukudziwa kuti amaiunika chaka chilichonse ndipo amayang'ana magiredi ako, osati mawu ako okoma aja. Ndiye siya, bola osangozimiririka kapena kutuluka pa gulu la WeChat (yangati WhatsApp ya ku China ija) mwakachetechete, zimenezo zimawawa. Pita ukakumane ndi mtsogoleri wanu maso ndi maso, umuthokoze, umuuze zoona zake, ndipo ngati pali konsati yomwe munayamba kale kukonzekera imba kaye imeneyo kuti asasowe munthu pa mawu ako. Ukawapemphenso kuti uzibwera apo ndi apo mayeso akatha, ndikukhulupirira sakukaniza.